Foni ya ku Joni m'Manja mwa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chaka chimene bambo anga anatitumizira foni yagalasi kuchokera ku Joni. Nkhani ya foni imeneyi imanditopetsa ndisanayambe n'komwe kuisimba, koma kukhala nayo chete kwanditopetsa koposa, ndiye lekani ndiinene.

Kwathu ndi ku Dambe, kumapiri a Neno, kumene chifunga chimagona m'minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera. Masiku amenewo m'mudzi mwathu munalibe netiweki. Wofuna kuimba foni ankakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, ulendo wa theka la ola kuphatikizapo kupuma, mpaka kukafika pamwala waukulu umene tonse tinkautcha kuti Pa Halo. Pamwalapo foni inkaonetsa timizere tiwiri ta netiweki. Masiku ena kankatsala kamodzi, anthu n'kumanamizira mphepo, ndipo masiku ena foni inkagwira netiweki ya ku Mozambiki imene sinkatithandiza kanthu. Lamlungu masana pankadzaza anthu ngati pachigayo. Wina ankaima pansonga penipeni osagwedeza mutu, wina ankakweza foni m'mwamba n'kumazungulira nayo, ndipo a Jelemiya, mkulu wa mpingo wathu, ankamangirira yawo kunthambi ya msuku n'kumaikuwira ngati akuitana mbuzi zosochera. Chinsinsi panalibe. Ukamatsika unkakhala utadziwa kale amene mwana wake wachotsedwa ntchito ku Blantyre ndi amene mpongozi wake wathawa banja.

Bambo anapita ku Joni ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali ku Matope, kuchigwa, ndipo kwathu kuno anali mkamwini, womanga nyumba pamalo a makolo a amayi. Ku Joniko ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya anthu ena, ndipo ankaimba Lamlungu lililonse cha m'ma 3 koloko masana. Poyamba tinali ndi kafoni ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Kanali konyansa koma kosadandaula. Mulimonse mmene ungakagwirire, mawu ankamveka. Amayi ankacheza ndi bambo mpaka mayunitsi atatsala pang'ono kutha, kenako n'kundipatsira ine. Gawo langa linali lodziwika: ine kufunsa kuti ali bwanji, iwo kuyankha kuti ali bwino ndipo ndizilimbikira sukulu, foni n'kuduka. Zaka zitatu ndinakwera phiri lija kukatenga mawu amenewo. Pakamwa sindinkadandaula, koma mumtima ndinkaona kuti amayi akundidyera bambo anga.

Kafoni kaja kanafa batire yake itatupa ngati chitumbuwa. Patapita milungu ingapo, chikondwerero cha Pasaka chitangodutsa, munthu wina wa ku Lisungwi amene ankanyamula katundu wa anthu a ku Joni anatibweretsera phukusi. Munali juzi yanga, chitenje cha amayi, ndipo m'kati mwa juziyo munali foni. Inali yaikulu, yopyapyala, yoterera, kutsogolo galasi lokhalokha, m'mbali mwake mutazungulira kachitsulo kowala kokhala ndi timizere ting'onoting'ono. Pa Halo panali pasanafikepo foni yotero. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali osaikhudza, kenako anapukuta manja kuchitenje kawiri konse asanainyamule.

Ndiyenera kunena za ulemu wa amayi anga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Amayi ndi munthu waulemu mpaka kukwiyitsa. Ngakhale kapu ya madzi sankaipereka kwa bambo ali chiimire, ndipo chilichonse chochokera kwa munthu wamkulu kapena kwa mwamuna wawo ankachilandira ndi manja awiri. Kwa iwo mawu a bambo a m'foni anali bambo amene. Choncho foni ikalira ankatsika pansonga ya mwala, n'kunyonyomala pambali pake, chifukwa sakanayankhula ndi mwamuna wawo ataima njo ngati wapolisi. Dzanja lamanzere linkafumbata foni kumunsi konse, molimba, kuopa kuti chinthu chodula chotero chingawapulumuke n'kusweka pamwala. Dzanja lamanja linkabwera pamwamba pa linzake n'kutchinga pakamwa, kuti mphepo isalowe komanso kuti anthu asamve za m'banja mwawo. Foni yonse inkamira m'zikhatho zawo, n'kungotsala kamutu kake pakhutu.

Lamlungu loyamba foni italira ndinayankha ndine, chifukwa zala za amayi zinali zong'aluka ndi khasu ndipo akakoka chala pagalasi silinkamva. Mawu a bambo anamveka bwinobwino ngati aima kuseri kwa msuku uja. Ndinawapatsa moni n'kupereka foni kwa amayi. Iwo ananyonyomala, n'kuifumbata mwa chizolowezi chawo.

"Halo, bambo a Tiya," anatero, poti Tiya ndi dzina langa. "Halo. Mukundimva?"

Foni inali itaduka. Bambo anaimbanso, ine n'kuyankha, zonse bwinobwino. Nditangowapatsa amayi, mawu a bambo anayamba kuduladuka ngati a munthu amene akumira, kenako zii. Anthu a pamwalapo anaseka. AnaNgozo, mayi woyandikana nafe nyumba, amene lilime lake silinkadziwa tchuthi, anati foni za ku Joni zimasankha nkhope. Nafenso tinaseka, chifukwa tsiku limenelo zinali zoseketsa.

Lamlungu lotsatira zinachitikanso, ndi linzake lomwe. Wina anatiuza kuti tiike pa laudi kuti mawu azituluka mokweza, koma amayi anakana kuti nkhani za m'nyumba mwawo zilalikidwe paphiri. Uthenga wolemba sakanauwerenga okha, poti sukulu anailekera kutali. Ndiye tinagwirizana kuti ine ndiziyankhula, iwo azikhala pambali panga n'kumandiuza zonena. Mmenemo ndi mmene ndinasandukira mthenga pakati pa bambo ndi amayi, ndipo akuluakulu sananame kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Amayi akati ndiwauze bambo kuti chifuwa chija chawabwereranso ndipo denga la khitchini likudontha, ine ndinkaona kuti zimenezo zingodya mayunitsi, n'kungoti kuno tonse tili bwino. Bambo akati ndiwauze amayi kuti awasowa kwambiri, kuti usiku akumawalota, ine makutu ankatentha ndi manyazi. Mwana angayankhule bwanji mawu otero kwa mayi ake, anthu khumi akumvetsera? Ndinkatembenuka n'kunena kuti bambo akupereka moni. Amayi ankadikira ngati pali zina, ndipo poona kuti zatha ankangogwedeza mutu.

Koma ine ndinapeza bambo. Ndinadziwa kaseke kawo, komwe ndinali nditakaiwala. Ankandisimbira za galu wa mabwana awo amene ankagona pabedi ndi kupita kwa dokotala akatsokomola, za misewu yodutsana m'mwamba, za kuzizira kumene kunkaumitsa madzi m'paipi. Ndinkawawerengera zimene ndalemba kusukulu, iwo n'kumandikonza Chingelezi chomwe nawonso chinkawavuta. Ndinkayembekezera Lamlungu kuyambira Lolemba.

Chinsinsi cha foniyo ndinachitulukira ndekha, nthawi yokumba mbatatesi. Tsiku lina amayi anandituma kukaitenga kugolosale kumene tinkatchajitsa pa sola, ndipo pobwerera ndinapatukira Pa Halo kukadzionetsa kwa mbalame, poti pakati pa sabata kunalibe munthu. Ine foni ndinkaigwira ndi zala zitatu, chakumtunda, kachala kakang'ono kali m'mwamba, kutengera namwino wina amene ndinamuona kuchipatala. Si nzeru ayi, anali matama chabe. Nditaima pansonga, timizere tiwiri tija tinalipo. Kenako ndinayamba kusewera zotsanzira amayi. Ndinafumbata foni kumunsi, n'kuphimba ndi dzanja linalo, uku ndikunong'ona kuti halo bambo a Tiya. Nditayang'ana pagalasi ndinaona kamzere kamodzi katazima, kenako kanzake. Ndinatambasula manja, n'kugwiranso ndi zala zitatu. Patapita kanthawi timizere tinabwerera. Ndinabwereza mwina kakhumi, nditaima, nditanyonyomala, ndi dzanja ili, ndi dzanja ilo. Nthawi zonse chikhatho chikaphimba kumunsi, netiweki inkathawa.

Ndinatsika phiri chothamanga kuti ndikawauze amayi. Zimenezi ndikufuna zidziwike, kuti ndinathamangadi. Koma pofika pamtsinje ndinali nditayamba kuyenda, ndipo pofika kuseri kwa tchalitchi ndinaima. Ndinaona bwinobwino zimene zidzachitike. Amayi adzagwira ndi zala zitatu, adzacheza ndi mwamuna wawo mpaka mayunitsi kutha, ndipo ine ndidzabwerera ku gawo langa lakale la muli bwanji ababa. Ndinadziuza kuti ndidikire Lamlungu limodzi lokha, bambo amalize nkhani ya galu ija, kenako ndinene. Nditafika kumunda ndinapeza amayi atawerama pamzere, ndipo ndinawapatsa foni osanena kanthu.

Lamlungu limodzi linabala linzake. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Nyengo yozizira inadutsa, mphepo ya fumbi inafika, ine ndikungonena mumtima kuti sabata yamawa. Nthawi yonseyi kuseka kwa anthu a Pa Halo kunali kukusintha. AnaNgozo anasiya zoti foni imasankha nkhope. Anayamba kunena mokweza, ngati akuuza munthu wina, kuti mwamuna akamadula foni akangomva mawu a mkazi wake ndiye kuti pambali pake pakhala wina. Ndinaona kuti amayi asiya kusamba ndi kudzola popita kuphiri. Kenako anayamba kumakhala patali ndi ine, osandiuzanso zonena. Pamapeto pake ankangoti mutu ukuwawawa, ndipite ndekha. Kubwereka foni ya munthu wina sakanayesa, chifukwa kwa iwo vuto silinali foni, ndipo sanafune kuti awadulire pafoni ya eni. Bambo akafunsa kuti amayi ali kuti, ndinkati atanganidwa. Iwo ankangoti chabwino.

Ndinkaziona zonsezi. Sindinganame kuti ndinali wamng'ono moti sindikanazindikira. Madzulo ena ndinkapeza amayi atakhala pakhonde, chitenje cha ku Joni chija chili pamiyendo chopindapinda, akungochisisita. Mtima unkandipweteka, ndithu unkandipweteka. Koma tsopano panali chinthu china chondimanga pakamwa, choposa umbombo uja. Ndikanena lero, andifunsa kuti ndadziwa liti. Sabata iliyonse imene inkadutsa, funso limenelo linkakula.

Mvula yoyamba ili pafupi, bambo anaimba ndi mawu achilendo. Za galu sanazitchule. Anandiuza kuti Lamlungu likudzalo ndibwere ndi amayi zivute zitani, chifukwa ali nawo mawu. Amayi nditawauza anati sapita. Koma tsikulo litafika, titaweruka kutchalitchi, anasamba kachiwiri, n'kuvala chitenje chija koyamba. Kunkatentha kwambiri. Tinakwera phiri iwo ali patsogolo, ndipo pofika pamwala thukuta linali likuyenderera m'mikono mwawo. Anthu analipo ambiri monga mwa masiku onse, anaNgozo ali pompo.

Foni inalira, ndinayankha.

"Tiya, amayi ako ali pomwepo?"

"Alipo, ababa."

"Apatse foni. Nkhani iyi si ya ana."

Amayi anapukuta manja, ananyonyomala, analandira ndi manja awiri. Ndinaona chikhatho chawo chonyowa chikutseka kumunsi kwa foni, dzanja linalo likubwera pamwamba. Ananena mofatsa kuti akumva, bambo a Tiya ayankhule. Anadikira. Kenako anachotsa foni pakhutu n'kundibwezera osandiyang'ana. Bambo anaimbanso, ndinayankha, ndinapereka, inaduka. Kachitatu chimodzimodzi. Mawu anali pamlomo panga penipeni, mawu ochepa chabe, oti amayi musaphimbe kumunsiko. Ndinayang'ana anthu onse aja, ndinayang'ana anaNgozo, ndinaganiza za amayi akundifunsa pamaso pa gulu lonselo kuti ndadziwa bwanji ndipo ndadziwa liti. Mawu aja ndinawameza.

Kachinayi bambo sanapemphenso kuti ndipereke foni.

"Amayi ako akudula okha, eti?"

"Ndi netiweki, ababa."

"Netiweki yosankha anthu. Chabwino, mwana wanga. Ndamva."

Anadula. Amayi anali ataimirira, akukonza chitenje m'chiuno. Anandifunsa kuti bambo akuti chiyani, ine n'kuti akudandaula netiweki.

"Miyezi yonseyi," anatero motsitsa mawu, "akamayankhula ndi mwana zimamveka, akangomva mawu anga foni yaduka. Ndiye andiitanire kuno, ndivale, ndikwere phiri, kuti adzandidulire katatu anthu akuona. Ine ndatopa, Tiya. Tiye."

Sanandidikire. Ndinawatsatira kumbuyo, foni ili m'manja, ndipo njira yonse ndinkangoyang'ana zidendene zawo.

Lamlungu lotsatira bambo anaimba mwachidule, kungofunsa ngati ndili bwino. Linzake foni sinalire. Ndinakhala pamwala mpaka anthu onse atatsika. Titagula mayunitsi n'kuyesa kuimba tokha, tinkangomva mawu a mzimayi wa makina akunena mu Chingelezi kuti nambalayo sikupezeka. Khirisimasi inadutsa. Munthu wa ku Lisungwi uja titamufunsa anati bambo anachoka kumene ankakhala ndipo sadziwa kumene analowera. AnaNgozo ankangoyenda ngati munthu amene maloto ake akwaniritsidwa.

Mvula ili kumapeto, foni inasiya kulowa moto. Ndinkaganiza kuti amayi angoiponya m'sutikesi, koma anati tikaikonzetse, mwina tsiku lina idzalira. Tinakwera lole ya ogula mbatatesi mpaka pa Neno boma. Wokonza mafoni anali bambo wina wonenepa, wa magalasi omangidwa ndi kawaya, amene ankakhala pakhonde la sitolo ndi tebulo lodzaza mitembo ya mafoni. Anatokosa polowetsa chaja ndi kasingano, n'kutulutsa dothi lofiira la kwathu, foni n'kuyamba kutchaja. Kenako anaimba pa nambala yathu ndi foni yake kuti ayese, n'kuuza amayi kuti amvetsere ngati mawu akutuluka bwino. Amayi analandira monga mwa nthawi zonse. Bamboyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kuseka.

"Mayi, mukuikanyanga pakhosi foniyo. Kwanu n'kuti?"

"Ku Dambe."

"Ndiye kumeneko mumayankhula bwanji? Kuno ikupirira chifukwa nsanja ya netiweki ili apo. Kumapiri kwanu mukaigwira chonchi ndiye kuti mwaipha."

Anaitenga n'kutionetsa timizere tija ta m'mbali. Anafotokoza kuti foni iliyonse ili ndi eriyo ngati wailesi, kungoti ya mtundu uwu anaibisa kuti foni ioneke bwino, ndipo eriyoyo ndi kachitsulo komweko kozungulira m'mphepete, makamaka kumunsi. Timizereto ndi malire olekanitsa zigawo zake. Thupi la munthu, anatero, ndi madzi okhaokha, ndipo limamwa mphamvu ya netiweki. Chikhatho chikaphimba kumunsiko n'kulumikiza chigawo ichi ndi ichi, makamaka chikakhala ndi thukuta, eriyo imasokonezeka. Anafumbata foniyo ife tikuona, timizere tinayi ta netiweki n'kutsika kufika pa tiwiri. Anati opanga mafoni amaganizira anthu a m'tauni, kumene ukataya timizere tiwiri umatsala ndi tiwiri, osati ife amene timayamba ndi tiwiri tomweto.

Amayi anamvetsera zonse osaphethira. Anapempha bamboyo kuti abwereze kufumbata kuja, iye n'kubwereza. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe Tiya, paja umaigwira bwanji?"

Ndinawaonetsa, zala zitatu, chakumtunda. Wokonza mafoni uja anasangalala, nati mwanayu ndiye wodziwa, azimufunsa iyeyu. Anaganiza kuti akundiyamikira.

"Unkadziwa?" anafunsa amayi.

Ndikanatha kunama, ndipo akanandikhulupirira. Koma ndinali nditatopa. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Kuyambira liti?"

"Nthawi yokumba mbatatesi."

Anayang'ana kumsewu kanthawi, milomo ikuyenda pang'ono ngati akuwerenga miyezi. Kenako anathokoza bamboyo, anamanga foni pansonga ya chitenje, n'kunena kuti tikafune lole yobwerera.

Sanandimenye. Ndinkalakalaka atathyola kamtengo n'kundikwapula mpaka nditupe, kuti nkhani ithere pathupi. M'malo mwake anandipatsa chakudya monga mwa masiku onse, anandichapira yunifolomu, anandidzutsa m'mawa kuti ndisachedwe kusukulu. Lamlungu litafika anandiuza kuti nditsale. Ndinawatsatira chapatali, n'kubisala m'tchire kumunsi kwa mwala. Ndinawaona akukwera pansonga penipeni, pamene anali asanayankhulirepo pafoni n'kale lonse, ataimirira njo pamaso pa anthu, foni ataitsina ndi zala zitatu ngati yotentha. Anapempha mtsikana wina kuti awaimbire nambala ya bambo. Anamvetsera, n'kupemphanso kuti aimbe kachiwiri. Anachita zimenezi Lamlungu lililonse mpaka kuzizira kutayambanso, ndipo nambalayo sinapezeke ngakhale kamodzi.

Za kulakwa kwanga anayankhulapo kamodzi kokha. Tinali kumtsinje tikutsuka mbale, ndipo anangoyamba osandiyang'ana.

"Ukanangondiuza, mwana wanga. Mphindi zakozo ndikanakusiyira."

Bambo ndinadzawaonanso ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikugulitsa m'sitolo ina pa Lisungwi. Mayi awo anamwalira ku Matope, ndipo uthenga unandipeza kuti mwana wawo wa ku Joni wabwera kudzaika maliro. Amayi anati ine ndipite, poti omwalirawo ndi agogo anga, koma iwo sangakwanitse. Ndinapeza munthu wowonda, wa imvi, amene ndinamuzindikira ndi mawu okha. Kumene anachokera anasiyako mkazi wina ndi ana awiri. Titachoka kumanda tinakhala pansi pa mtengo wa masawu, kutentha kwa kuchigwa kukutiphika, tikucheza ngati anthu okumana pachipatala. Anafunsa za sukulu, za ntchito, za denga la nyumba. Za amayi anafunsa pomalizira, akuyang'ana pansi. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti tsiku lija, lodula katatu lija, ankafuna kuwauza chiyani amayi. Ndinkaganiza kuti aiwala, koma anayankha nthawi yomweyo.

"Ntchito inali itatha. Mabwana aja anasamuka, ine n'kutsala pamsewu. Ndinalibe chilichonse chobwera nacho, ngakhale bulangete. Mudzi uja ndi wa amayi ako, ine ndinali wobwera. Mkamwini wopita ku Joni zaka zonsezo n'kubwerako chimanjamanja, anthu amuona bwanji? Ndinkafuna ndiwafunse eni ake ngati angandilandire choncho. Akanangoti bwerani, ndikananyamuka sabata yomweyo, ngakhale wapansi. Koma miyezi yonse ija sankafuna kumva mawu anga, ndipo tsiku limenelo anandidulira katatu. Ndinati yankho ndi limeneli. Foni ndinagulitsa kuti ndidye."

Ndinawauza zonse, za zala zitatu, za chikhatho cha amayi, za mawu awo amene ndinkawasandutsa moni. Anayamba kutola masawu ouma pansi n'kumawataya. Kenako anati ndinali mwana. Patapita masiku awiri anabwerera ku Joni.

Anthu amakonda mawu amenewo, oti unali mwana. Ena angati olakwa ndi amene anabisa eriyo pamalo pamene dzanja la munthu limagwira. Ena angati bambo akanatuma munthu, kapena amayi akanachepetsa kudzisungira mumtima. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndazitembenuza m'mutu mpaka kutopa nazo. Sizinditonthoza. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti kukhala chete ndi ntchito imene munthu amaigwira ndi manja ake, tsiku ndi tsiku, ngati kulima. Umbombo unanditseka pakamwa sabata yoyamba yokha. Masabata ena onsewo anali manyazi, kuopa kuoneka woipa kwa mphindi imodzi pamaso pa anthu a pamwala, amene lero ambiri a iwo sakumbukira n'komwe dzina langa.

Ndinatha mwezi wathunthu ndikulimbana ndi maganizo ngati ndiwauze amayi zimene bambo ananena. Ndinaona kuti ndawabisira zokwanira. Ndinapita ku Dambe, n'kuwapeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi, ndipo ndinafotokoza zonse mmene bambo ananenera, osachotsapo liwu ngakhale limodzi. Manja awo anaima pa dengu. Sanalire. Anayang'ana kumunda kwa nthawi ndithu.

"Ndikanati abwere," anatero. "Munda unalipo."

Anapitiriza kusankha mbewu, ine n'kukhala pansi kuwathandiza, poti panalibenso china choti ndichite. Bambo ankafuna liwu limodzi lokha, amayi anali nalo, ndipo amene anaima pakati pawo ndinali ine.